Zaka Zomwe Mfumu Inathetsa

Dziko la Zilibwino lili pakati pa mapiri awiri, ndipo amene anafikako amati silisiyana kwenikweni ndi maiko ena, kupatula kuti kumeneko moni ali ndi yankho limodzi lokha lovomerezeka ndi boma. Munthu akakufunsa kuti muli bwanji, umatchula dzina la dziko, ngakhale uli pa machira. Pa nthawi ya nkhani ino wolamulira anali Mfumu Sindilakwa Wachitatu, yomwe inalowa ufumu wa malume ake, Sindilakwa Wachiwiri, amene anamwalira atadya bowa womwe iwo eni analengeza kuti ndi wodyedwa.

Dzikolo linali ndi nyuzipepala imodzi, yotchedwa Khutu, yotuluka Lachisanu lililonse. Tsamba loyamba linali la zolankhula za Mfumu. Lachiwiri linali la nduna zoyamikira zolankhulazo. Lachitatu linali la mpira ndi maliro. Lomaliza linali la mafunso ozunguza mutu, ndipo ndi lokhalo limene anthu ankawerenga asanakulungire usipa. Tsamba limeneli ankalemba Ndaziona Pindani, mtsikana wa zaka 24, amene anachoka kuyunivesite ndi digiri ya utolankhani komanso chizolowezi choipa chofunsa pamene ena akuwomba m'manja.

Tsiku lina mkonzi, a Sikelo, anamutuma ku Sitidziwa, dera lakutali kwambiri, kuti akajambule mwambo wotsegulira chimbudzi cha pasukulu ya sekondale. Wodula riboni anali Nduna Yoona za Achinyamata, a Chiphazi, bambo a zaka 59 amene ankadaya tsitsi ndi kuvala sikipa yothina kuti afanane ndi unduna wawo. Ndaziona anajambula nduna, anajambula chimbudzi, anajambulanso nduna ili m'kati mwa chimbudzi ikumwetulira. Podikira minibasi anasuzumira m'kalasi ya Fomu 2. Mbali ya anyamata inali ndi mipata ngati mano a nkhalamba. Mbali ya atsikana inali ndi madesiki okhaokha.

"Atsikana ali kuti, aphunzitsi?" anafunsa.

"Zili bwino," anayankha mphunzitsi, akuloza ndi chibwano kumudzi.

Ndaziona anatsata chibwanocho, ndipo minibasi inamusiya. Anakhala ku Sitidziwa sabata yathunthu. Anapeza anyamata a zaka 15 ataligonera kuseri kwa shabini dzuwa lili pamutu, timapaketi ta kachasu tili mbwee pambali pawo. Anapeza ena atagulitsa mbuzi za makolo kuti akabetche mpira wa pafoni, wa matimu a m'mizinda yomwe sankatha kuitchula. Anapeza atsikana atabereka makanda kumbuyo, iye n'kumayamikira kuti akuthandiza amayi awo kulera, mpaka mmodzi anakhala pansi n'kuyamba kuyamwitsa.

Pa mjigo anakumana ndi Edesi, mtsikana wa zaka 14, wowonda, wa maso osaphethira msanga.

"Inu ndi amene mumalemba mafunso a kumapeto aja?" anafunsa Edesi, akupopa madzi.

"Ndine."

"La alendo atatu ndi mpando umodzi lija linali ndi mayankho awiri. Inu munalemba limodzi."

Ndaziona anamuyang'ana bwino. "Uli Fomu chani iwe?"

"Ndinali Fomu 2. Pano ndili pa chitomero."

"Ndi ndani?"

"Amene munawajambula m'chimbudzi aja."

Edesi analoza nyumba ina ya zidina patsidya pa msewu, yomwe denga lake linkathobwa m'maso. Inali ya amalume ake, a Jekete, eni mbumba, amene mawu awo ankatha nkhani iliyonse ya ana a mlongo wawo.

"Malata akung'anima apowo ndi ineyo," anatero.

"Koma lamulo limati munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18."

"Lamulo lili kulikulu, achemwali. Kuno kuli amalume."

"Iweyo ukufuna chani?"

"Ndikufuna kulemba mayeso. Mukalembe nkhani yanga. Dzina musasinthe. Akawerenga dzina lonama adzati mtsikanayonso ndi wonama."

Atabwerera ku Tavomera, likulu la dzikolo, Ndaziona anafotokozera a Sikelo zonse. A Sikelo anatseka chitseko, anatseka zenera, kenako anatsekanso maso.

"Mwana wanga," anatero, "ine ndili ndi ana asanu komanso matenda a shuga. Kalembe za chimbudzi."

Nkhaniyo ikanathera pomwepo. Koma sabata imeneyo Mfumu inadwala chimfine mawu n'kutsekeka. Sinalankhule, choncho nduna zinasowa choyamikira, ndipo Khutu linakhala ndi masamba awiri opanda kanthu. Kutulutsa masamba oyera kukanamveka ngati Mfumu ilibe chonena, umene unali mlandu waukulu. A Sikelo, thukuta lili kamukamu, anafunsa ngati pali aliyense amene ali ndi nkhani yaitali. Ndaziona anawapatsa yake, atailemba mutu wakuti "Achinyamata a ku Sitidziwa Ayamika Chimbudzi." A Sikelo anawerenga mutu ndi ndime yoyamba, monga ankachitira zaka zonse, n'kuitumiza kosindikiza.

Pofika Loweruka madzulo, usipa wonse wa mu Tavomera unali utakulungidwa m'dzina la a Chiphazi.

Lolemba Bwalo la Nduna linakumana. Mfumu inakhala pampando wake itafunda bulangete, ikumvetsera mlembi akuwerenga nkhani yonse, pakuti mfumu za ku Zilibwino siziwerenga zokha, kuopa kukumana ndi maganizo a munthu wina popanda mboni. Nduna ya Chitetezo inati mtolankhaniyo amangidwe. Nduna ya Zofalitsa Nkhani inati ndi bwino kumanga usipa, chifukwa ndi umene unafalitsa. Nduna ya Zachuma inakumbutsa bwalo kuti abwenzi akunja, omwe anapereka ndalama za chimbudzi chija, aimba kale foni kufunsa ngati lamulo la zaka 18 lomwe Mfumu inasaina pamaso pawo lidakali moyo.

Apo a Chiphazi anaimirira, anakoka sikipa kuti iphimbe mchombo, n'kugwada.

"Mfumu, mwini nthaka, inu amene mvula imayamba yakupemphani chilolezo. Ine ndaimva nkhaniyi, ndipo ndikuti mtsikanayu watithandiza. Tamvetsani bwino. Woledzera ali ndi zaka 15. Wobetcha ali ndi 17. Oyembekezera ali ndi 14, 16, 18. Kodi mwamvamo wa zaka 40 wosiyira sukulu panjira? Mwamvamo wa zaka zisanu wogulitsa mbuzi? Vuto si mowa, Mfumu. Si foni. Si ife amuna, amene timangothandiza mabanja ovutika ndi malata. Vuto ndi zakazo. Pakati pa 12 ndi 20 pali dzenje, ndipo ana athu akugweramo. Mfumu yanzeru siikhala m'mbali mwa dzenje n'kumalira. Imakwirira."

Bwalo linadikira kuti lione nkhope ya Mfumu lisanasankhe maganizo ake. Mfumu inamina, kenako inagwedeza mutu. Bwalo lonse linapeza kuti linali ndi ganizo lomwelo kuyambira kale.

Anaitana Pulofesa Wonkhetsani, Mlangizi wa Masamu a Ufumu, kuti ayeze kukula kwa dzenjelo. Pulofesa anawerenga pa zala kuyambira 13 mpaka 19, anabwereka zala ziwiri za dzanja linalo, n'kulengeza kuti dzenjelo ndi la zaka zisanu ndi ziwiri. Madzulo omwewo wailesi inaulutsa lamulo: kuyambira lero m'dziko la Zilibwino mulibe zaka za pakati pa 12 ndi 20, aliyense wopezeka m'zaka zimenezo awonjezere zisanu ndi ziwiri nthawi yomweyo, mavuto onse a achinyamata atha, ndipo wowatchulanso akufuna kuwadzutsa.

Tiyenera kunena pano za mwambo wina wa dzikolo. Mfumu ikadinda lamulo, imaloledwa kulikonza kamodzi kokha, ndipo kukonzako kumatchedwa kuwonjezera nzeru. Kukonza kawiri kungatanthauze kuti inalakwa, zomwe sizinachitikepo chiyambire dziko.

Ndaziona sanamangidwe. Anamuitanira kunyumba yachifumu n'kumuveka Mendulo ya Diso Lakuthwa chifukwa chotulukira gwero la mavuto. Mendulo imeneyi inkabwera ndi kampando kumbuyo kwenikweni kwa Bwalo la Nduna, pafupi ndi tsache, komanso ufulu wofunsa funso limodzi pa chaka.

M'mawa mwake wailesi inalengeza kuti a Chiphazi, amene poyamba ankafuna kungotenga mkazi mwakachetechete monga amachitira anthu aulemu, tsopano achita ukwati woyera Loweruka la sabata yamawa, Mfumu idzakhala mlendo wolemekezeka. Mkwatibwi anali Mayi Edesi a ku Sitidziwa, a zaka 21.

Masana foni ya Ndaziona inalira. Anali Edesi, pa foni ya mphunzitsi uja.

"Achemwali, munati mukalemba zinthu zisintha."

"Edesi, ine..."

"Zasinthadi. Telala wabwera kudzandiyeza deresi. Akuti ndine wamng'ono thupi pa msinkhu wanga."

Ndaziona anavula mendulo ija n'kuiponya m'chikwama. Sanathe kukhala mu ofesi, momwe a Sikelo ankauza aliyense kuti nkhani ija anaitulukira ndi iwo. Anatuluka, miyendo n'kumufikitsa kumsika wa Tsitsaniko.

Kumsika kunali phokoso loposa la masiku onse. Pa botolo sitolo panali mzere wa amuna a zaka 20 ndi 22, ena atavala makabudula a sukulu, akugula mowa mwaulemu wonse. Mahedimasitala anali atawabweza kunyumba chifukwa sukulu za sekondale si za madoda.

Mayi Nangozo, ogulitsa tomato, anamukodola.

"Inu a nyuzi, tabwerani. Ine ndili ndi zaka 26. Mwana wanga woyamba dzana anali ndi 13, lero ali ndi 20. Ndiye kuti ndinabereka ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kalembeni, mwina nanenso andipatsa mendulo."

"Inu bola, mayi," analowerera Zuze, mnyamata wa pachiwaya, akutembenuza tchipisi. "Ine ndili ndi 22. Mng'ono wanga, amene ndinkamupukuta mamina ine ndemwe, wadzuka ali ndi 24. Dzulo wakana kundithirira madzi osamba m'manja. Akuti ayambe ndi iyeyo. Akuti ndizimutchula kuti achimwene. Ndinati iwe, iye akuti iwe ndani, tawerenga zaka."

"Nanga unatani?" anafunsa Mayi Nangozo.

"Ndinamuthirira. Munthu ungatsutsane ndi wailesi?"

Bambo wina wogulitsa makasu anati kwawo zavuta kwambiri pa maliro, chifukwa sakudziwanso woyenera kulankhula m'malo mwa banja. Mayi wina anati mwana wake wa zaka 12 wakhala akulira kuyambira Lolemba, poopa kuti tsiku lake lobadwa likafika adzagona mwana n'kudzuka wofunika kupereka msonkho.

Ndaziona ankangomvetsera. Kenako pamalo ogulitsira nkhuku anamva wophika wa kunyumba yachifumu akukangana ndi wogulitsa.

"Ziwiri tsiku lililonse, ndiye mutsitseko."

"Kale mumagula imodzi. Kwabwera alendo?"

"Alendo a chani. Nthutumba. Nkhuku ili ndi nthutumba imodzi, koma akulu m'nyumba muja alipo awiri tsopano."

Ndaziona anagula dzira lowiritsa lomwe sankalifuna, n'kuima pafupi. Ufumu wa ku Zilibwino umalowedwa ndi mphwa wamkulu, mwana wa mlongo wake wa Mfumu. Aphwa analipo awiri. Wamkulu anali Dikirani, wa zaka 23, amene anaphunzitsidwa kuyambira ali khanda kuyenda pang'onopang'ono ndi kusayankha mafunso. Wamng'ono anali Fulumira, wa zaka 18, amene anali atabetcha kale njinga yamoto ya mlonda. Kuyambira Lolemba, Fulumira anali ndi zaka 25. Anasamukira kuchipinda chachikulu, anayamba kulandira moni poyamba, ndipo ankafunsa anthu kuti ndodo yachifumu ingagulidwe ndalama zingati.

Lachisanu Khutu linatuluka ndi kankhani ka mizere inayi pansi pa zotsatira za mpira, kamutu wakuti "Malonda a Nkhuku Akwera Kunyumba Yachifumu." A Sikelo anakakonda chifukwa kanasonyeza kuti chuma chikuyenda. Dziko lonse linakamva bwinobwino. Pofika Lachitatu, alongo ake a Mfumu, mayi wa anyamata awiriwo, anali atakhala pakhomo la chipinda cha mchimwene wawo atavula duku, ndipo analumbira kuti sachokapo mpaka wina awauze kuti mwana wawo woyamba ndi uti.

Bwalo linaitanidwa Lachinayi, ukwati utatsala masiku awiri. Ndaziona anakhala pakampando kake pafupi ndi tsache. Masamu anali atawachita kale m'minibasi, kawiri konse, ndipo ankadziwa aliyense pomwe akagwere, kuphatikizapo iye mwini.

Pulofesa Wonkhetsani anaimirira ndi nkhope ya munthu amene wabweretsa mankhwala.

"Mfumu, vutoli ndi laling'ono. Tinakweza ana, akulu tinawasiya pansi. Tiwonjezere zaka zisanu ndi ziwiri kwa akulu onse, aliyense abwerera pamalo pake. Dikirani akhala ndi 30, Fulumira 25. Nthutumba ibwerera kwa mwini wake."

Nduna zinayamba kuwomba m'manja, koma kuwombako kunazilala pang'onopang'ono, ngati mvula yopita kwina. Aliyense anali akuwerenga chamumtima. Mfumu inali ndi zaka 64. Mwambo umati mfumu ikapyola 70 imaperekezedwa ku Phiri la Zikomo ndi mbuzi imodzi ndi wailesi, n'kusiyidwa kumeneko kuti ipume. A Chiphazi, amene ankayenera kupuma pantchito akakwana 60 ndipo ankadwala mutu akakumbukira zimenezi, anapeza kuti akhala atapuma kale zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Pulofesa anayang'ana nkhope ya Mfumu, anayang'ana zala zake, n'kuzibisa m'thumba.

Apo dzanja linakwera pafupi ndi tsache.

"Wa mendulo uja," ananong'ona mlembi. "Ali ndi funso limodzi."

"Afunse," inatero Mfumu.

Ndaziona anagwada. "Mfumu, mwini nthaka. Popeza zaka zisanu ndi ziwiri zija kulibe, kodi inuyo munazikhalapo?"

Mfumu inamuyang'ana ngati wafunsa ngati inabapo nkhuku.

"Ine sindinakhalepo m'chinthu chomwe kulibe."

"Zikomo, Mfumu," anatero Ndaziona, n'kubwerera pampando. Funso lake la chaka linali litatha.

Woyamba kuzindikira anali a Chiphazi. Anadzuka pang'onopang'ono, maso ali pamwamba, milomo ikuyenda.

"Ndiye kuti akhala akutinamizira," anatero. "Mfumu, akhala akutiwerengera zaka zomwe sitinakhale. Ine ndili ndi 52. Ndimadabwa ine, thupi limakana. Inu muli ndi 57, Mfumu. Phiri lija liiwaleni."

Bwalo linaphulika. Nduna ya Chitetezo inaponya ndodo yoyendera pawindo. Nduna ya Zachuma inatumiza uthenga kwa akazi awo kuti asagulitse nyumba ya m'tauni. A Chiphazi anavina kuchokera kumpando wawo mpaka kuchitseko n'kubwerera, sikipa itakwera mpaka pachifuwa.

"Nanga ana aja tinawakweza?" inafunsa Mfumu, mawu atatseguka koyamba chidwalire.

Pulofesa anatulutsa zala zake, wokondwa kuti zapezanso ntchito. "Sitingawapatse zaka zomwe kulibe, Mfumu. Abwerere pa 12, adikire pomwepo mpaka dzenje litawadutsa."

"Ndi zomwe ndimafuna kunena," inatero Mfumu. Chidindo chinabwera pa mtsamiro wake, chinanyowetsedwa, chinagwa papepala. Nzeru zinawonjezedwa, kamodzi kaja kololedwa.

Alongo ake a Mfumu, amene ankamvetsera ali pakhomo, analowa akumanga duku.

"Achimwene, ine sukulu sindinapite patali. Fulumira ali ndi 12, ndamva. Nanga Dikirani, 23 kuchotsa zisanu ndi ziwiri?"

Pulofesa anawerenga. Anawerenganso. "16, mayi."

"Ndiye kuti chani?"

"Ndiye kuti kulibe, mayi."

Onse anatembenukira kwa Mfumu. Mfumu inakhala kanthawi ikuganiza. Inali ndi zaka 57. Mwa anthu awiri amene ankadikira mpando wake, mmodzi kunalibe ndipo wina anali mwana wa zaka 12. Nkhope yake inayamba kumasuka kuyambira kuchibwano, mpaka inamwetulira kumwetulira komwe akuluakulu a bwalo anali asanakuonepo.

"Lamulo ndi lamulo, achemwali," inatero mofatsa.

Nduna ya Zantchito, imene inkachedwa kumva zinthu, inadumpha mwadzidzidzi. Inali itazindikira kuti onse a zaka 20 mpaka 26, aja oyenda ndi maenvulopu a khaki m'maofesi kufunsa ntchito, agwera m'dzenje lomwelo. Ulova unali utatha m'dziko lonse nkhomaliro isanakwane. Anaiwombera m'manja.

Mfumu, mtima uli m'malo, inakumbukira zosangalatsa. "Chiphazi, ukwati uja ndi mkuja, eti? Mkwatibwi ali ndi zaka zingati?"

A Chiphazi anali adakapuma wefuwefu ndi gule uja. "21, Mfu..." Anaima. Anatsitsa sikipa. "Kunena kuti, Mfumu, mukamuona mwanayo ndi wamkulu ndithu, maganizo ake..."

"Chidindo changa chikuti zingati?"

"12, Mfumu."

"Ndiye ukufuna ine ndikakhale kutsogolo, abwenzi akunja akujambula, iwe ukuveka mphete mwana wa zaka 12? Kapena ukuti chidindo chalakwa?"

Mawu omaliza aja anagwa m'bwalo ngati mbale ya dothi. A Chiphazi anagwada mawondo onse awiri.

"Zili bwino, Mfumu."

Lachisanu m'mawa, sajeni wa polisi anafika ku ofesi ya Khutu atatumidwa ndi a Chiphazi kuti akamange mtolankhani wosokoneza maukwati. Anamupeza Ndaziona akupanga tiyi.

"Ndinu a Ndaziona Pindani?"

"Ndinali."

"Zaka?"

"17, bwana."

Sajeni anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Anayang'ana unyolo womwe anabweretsa. "Ndiye ine ndigwire chani?" anafunsa a Sikelo. A Sikelo anati iwo sakuona aliyense. Sajeni anamwa tiyi amene sanapangidwe ndi munthu, anayamikira shuga wake, n'kubwerera kukanena kuti wapeza mpando wokha. Atangotuluka, a Sikelo anafotokozera mpandowo mwachisoni kuti kampani singalipire munthu yemwe kulibe, koma ngati nkhani zitamapezeka patebulo zosalembedwa ndi aliyense, palibenso amene angamangidwe nazo.

Loweruka Ndaziona anakwera minibasi ya ku Sitidziwa. Kondakitala yekha ndiye anali asanamve za lamulo, ndipo anamulipiritsa mtengo wonse. Atatsika anadutsa kuseri kwa shabini kuja. Anyamata aja anali pomwepo, timapaketi tili pambali, onse a zaka 12 tsopano. Anawayang'ana nthawi yaitali asanapitirire. Pasukulu, ahedi anali atakhoma chikalata choitana ana onse kuti abwerere Lolemba, popeza mwana wa zaka 12 malo ake ndi m'kalasi.

Galimoto ya a Chiphazi inali itafika kale kwa a Jekete. Sinali ya maluwa. Inali lole, ndipo amuna anayi anali padenga akuzula misomali. A Jekete anakhala pa chitsa pabwalo atavala suti ya ukwati, akuwerenga malata akamatsika.

"Muli bwanji, amalume?" anapereka moni Ndaziona.

A Jekete anatsegula pakamwa, anayang'ana lata lomaliza likukwezedwa mu lole, n'kutsekanso. Aka kanali koyamba m'mbiri ya dzikolo kuti moni asayankhidwe.

Edesi anali m'nyumba, atakhala pa mkeka pakati pa chipinda chopanda denga, buku la masamu lili pamiyendo. Deresi loyera linali litapachikidwa pa msomali, nkhuku ikujompha mpendero wake.

"Mwabwera, achemwali. Muno mukuwala bwino tsopano."

Ndaziona anaima pakhomo. "Wamva kuti uli ndi zaka 12?"

"Ndamva. Ndikhala nazo mpaka zaka zisanu ndi chimodzi zitadutsa. Kenako ndidzakwana 20, adzachotsa zisanu ndi ziwiri, ndidzakhala kulibe ngati inu. Munthu sangatomere chinthu chomwe kulibe. Podzatulukira ndidzakhala nditamaliza kuyunivesite, a Chiphazi mano atatha." Anakweza maso. "Munadziwa kuti inunso mugweramo?"

"Ndinadziwa."

"Funso munafunsa Mfumu lija linali ndi yankho limodzi lokha, eti?"

"Limodzi."

Edesi anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene wakhutira ndi ntchito ya mwana. Kunja lole inalira n'kunyamuka, malata akusokosera.

"Ndiye kumakhala bwanji, achemwali, kukhala kulibe?"

Ndaziona anaganiza. "Palibe amene amakuona. Palibe amene amakufunsa maganizo. Zinthu zako amakambirana ena, iwe uli pomwepo."

"Oo," anatero Edesi, akutembenuza tsamba. "Ndimayesa ndi zachilendo. Tasunthani pang'ono, mukunditchinga kuwala."